Mamendulo Opanda Dzina

Madzulo ano tikamba za tizitsulo timene tagona zaka zambiri pansi pa mabokosi a zovala m'nyumba zambiri muno m'Malaŵi: mamendulo a nkhondo.

Amalume atatsikira kuli chete, amayi anandipatsa kachitini ka fodya. M'katimo munali mamendulo anayi: atatu onga nyenyezi za nsonga zisanu ndi imodzi, ndi imodzi yozungulira ngati ndalama. Ndinatembenuza iliyonse kufunafuna dzina la mwini wake, koma sindinalipeze. Ndinayamba kukayika ngati analidi ao. Pambuyo pake ndinadziŵa kuti boma la Britain linapereka mamendulo ambiri a nkhondo ya 1939 mpaka 1945 osalembapo dzina. Tsono ngati anu ali otero, musaganize kuti ndi achinyengo.

Amalumewo anali msilikali wa Keyala, ndiko kuti King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1902, ndipo asilikali ake a ku Nyasaland likulu lao linali ku Zomba. Ngakhale mamendulo ao alibe dzina, tinsalu timene amapachikirapo timanena kumene mwini wake anaponda.

Nyenyezi yoyamba, 1939-1945 Star, kansalu kake kali ndi mizere itatu: wa buluu wakuda, wofiira, ndi wa buluu wonga thambo. Mizereyi imaimira ankhondo a panyanja, a pamtunda ndi a mumlengalenga. Kaŵirikaŵiri msilikali ankailandira atatha miyezi 6 m'dera lomenyanirana.

Yachiŵiri ndi Africa Star. Kansalu kake ndi ka mtundu wa mchenga, ndipo pakati pake pali mzere wofiira waukulu. Kwa asilikali athu, nyenyezi imeneyi imanena za nkhondo yomenyana ndi Mataliyana kumpoto kwa Kenya, ku Somaliland ndi ku Abyssinia, dziko limene timalitcha Ethiopia. Anyamata a ku Nyasaland analipo pa nkhondo ya ku Tug Argan mu August 1940, pamene Mataliyana anagonjetsa Angelezi ndi kulanda British Somaliland. Zinthu zinatembenuka chaka chotsatira, ndipo nkhondo ya m'chigawochi inatha mzinda wa Gondar utagwa mu November 1941.

Yachitatu ndi Burma Star, ya kansalu kofiira pakati, ka buluu wakuda m'mbali, kokhala ndi timizere ta mtundu wa lalanje. Mukaiona imeneyi, dziŵani kuti mbale wanuyo anaoloka nyanja yamchere kukamenyana ndi Ajapani. Asilikali ambiri a kuno ku Africa anayamba aima pa chilumba cha Ceylon, chimene lero ndi Sri Lanka, m'chaka cha 1943. M'chaka cha 1944 analoŵa m'chigwa cha Kabaw ku Burma, m'nyengo ya mvula yosalekeza, mpaka kukafika pa mtsinje wa Chindwin. M'chigwamo matope, malungo ndi nthenda zina zinasautsa anthu monga momwe zipolopolo zinachitira.

Yozungulira ija ndi War Medal, imene ankapatsa aliyense amene anatumikira masiku 28 kapena kupitirira. Kumbuyo kwake kuli mkango utaponda chilombo cha mitu iŵiri. Dziŵaninso kuti nkhondo ya pa chilumba cha Madagascar, ya m'chaka cha 1942, inalibe nyenyezi yakeyake. Choncho munthu angathe kukhala kuti anafika kumeneko koma mamendulo ake osatchula.

Kapena m'nyumba mwanu muli mamendulo akale koposa aŵa, a nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918, imene inafika ku Karonga mu September 1914. Kusiyanitsa kwake nkosavuta. Yang'anani nkhope ya mfumu pa mendulo yozungulira. Ngati ili ndi ndevu, ameneyo ndi George V, ndipo menduloyo ndi ya nkhondo yoyamba. Ngati ilibe ndevu, ndi George VI, wa nkhondo yachiŵiri. Inzake ya nkhondo yoyamba, Victory Medal, ili ndi kansalu konga utawaleza. Ubwino wa mamendulo a Chiwaya ndi woti m'mphepete mwake analembamo nambala ya msilikali, udindo wake, dzina lake ndi gulu lake. Ipendekeni padzuŵa, mudzaŵerenga. Mamendulo a kulimba mtima, monga Military Medal, nawonso ali ndi dzina.

Koma a nkhondo yachiŵiri, opanda dzina aja, mboni yao ndi inu abale. Mukawataya, kapena kuwagulitsa kwa ogula zinthu zakale, palibenso amene angadziŵe kuti anali a yani, ngakhale mutawapezanso. Nchifukwa chake ndikupemphani zinthu zitatu. Choyamba, funafunani chikalata chimene msilikali ankalandira potuluka usilikali, pakuti pamenepo pali nambala yake, ndipo muchisunge pamodzi ndi mamendulowo. Chachiŵiri, musawakweche ndi mchenga kapena phulusa, ndiponso musataye tinsalu take ngakhale titasuluka. Chachitatu, funsani azakhali ndi agogo amene anamva nkhani zake, mulembe dzina lake, mudzi wake ndi mfumu yake papepala, muike m'chitinimo. Mukafuna kuwavala mu November pokumbukira asilikali, valani kudzanja lamanja, popeza kumanzere amavala mwini wake yekha.

Ine ndinakula ndikuwaona amalume atakhala pakhonde, akutchula Burma, koma sindinafunse kalikonse. Akuluakulu anati mau a akulu akoma akagonera. Lero ndikudziŵa maiko amene anafikako, koma amene anayenda nao, ndi amene anawasiya m'chigwa muja, palibenso wondiuza. Inu amene mudakali ndi wofunsa, funsani usiku womwe uno.