Ufa kapena makina: mbiri ya zikhadabo ndi saluni za ku Chongwe

Ambiri kuno ku Chongwe timatchula utoto uliwonse wa zikhadabo kuti Cutex, koma ili ndi dzina la malonda la ku America, komwe utoto wamadziwu unayamba kugulitsidwa mu 1917. Kuchokera pamenepo njira zachuluka, ndipo lero mwini saluni amene wasunga kandalama amaima pamphambano: agule ufa woviikamo zala, wotchedwa dip powder, kapena makina osindikiza zithunzi pa zikhadabo?

Ufawu unachokera kwa madokotala a mano. M'zaka za m'ma 1950, Fred Slack, dokotala wa mano ku Philadelphia, atavulaza chikhadabo chake pa ntchito anachikonza ndi acrylic ya mano. Pofika m'ma 1980 anthu anali kuphatikiza ufa wa acrylic ndi guluu wa mtundu wa super glue, amene Harry Coover anatulukira mu 1942. Chikhadabo chimapakidwa guluu, chimaviikidwa mu ufa, kenako amapakapo mankhwala oumitsa. Nyale ya UV siifunika, ndipo ntchitoyo imatha kukhala milungu itatu kapena inayi.

Makina osindikiza ndi atsopano. Anatengera luso la printer ya inkjet ya mu ofesi. Chithunzi chili pa foni yako, kaya maluwa a chitenge kaya mbendera ya Zambia, chimatsika pachikhadabo msanga kuposa mmene dzanja lingajambulire. Koma amafuna malaiti, inki yochokera kunja, ndiponso nthawi zambiri nyale youmitsira gel.

Apa ndiye 2024 inatiphunzitsa. Chilala chinachepetsa madzi ku Kariba, pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka, ndipo ZESCO inafika pozimitsa malaiti maola pafupifupi 20 pa tsiku. Makina akazima, lendi siiyembekeza. Botolo la ufa limagwirabe ntchito ndi kuwala kwa pawindo.

Ufa nawo uli ndi vuto lake. Zala za makasitomala ambiri zikalowa m'botolo limodzi, matenda a pakhungu angafalikire. Saluni yabwino imathira ufa pang'ono m'kambale ka munthu mmodzi, wotsalawo n'kutaya. Pochotsa amaviika zala mu acetone, osati kusenda, chifukwa kusenda kumapyapyalitsa chikhadabo.

Ngati ukutsegula saluni m'mbali mwa Great East Road, yamba ndi ufa, uphunzire ukhondo wake. Makina adzabwere ukagula sola ndi batire.