ANCHITO A KU BRITAIN NDI MSIKA WA EUROPE

M'caka ca 1950 nduna ya ku France, Bambo Robert Schuman, inaitana maiko a ku Europe kuti aike malasha ndi zitsulo zao pansi pa ulamuliro umodzi. Nthawi imeneyo Britain inali m'manja mwa cipani ca Labour, cimene cinabadwa mwa mabungwe a anchito, ndipo panali patangopita zaka zitatu cilandire Boma migodi ya malasha kwa eni makampani. Boma linakana. Kumveka kuti nduna ina, Bambo Herbert Morrison, inati anchito a m'migodi ya ku Durham sadzalola konse. Anthu amene anabvutika zaka zambiri kuti migodi ikhale ya dziko sanafune kuiperekanso kwa akulu okhala kutsidya la nyanja. Apa ndipo panayambira mkangano umene unagawa a dzanja lamanzere zaka pafupi-fupi 70. A dzanja lamanzere ndiwo aja amati cuma ca dziko cizithandiza anchito ndi osauka, ndi kuti nchito zikulu-zikulu monga migodi ndi njanji zikhale za Boma.

Mu 1957 maiko asanu ndi limodzi, ndiwo France, West Germany, Italy, Belgium, Netherlands ndi Luxembourg, anapangana ku Rome kukhala ndi msika umodzi, kuti katundu azidutsa malire popanda msonkho, ndi anchito azipita kumene kuli nchito. Mu 1962 mtsogoleri wa Labour, Bambo Hugh Gaitskell, anacenjeza kuti kulowa m'msikawo ndiko kutaya ufulu wa dziko ndi kufulatira maiko a Commonwealth. Koma si onse anamva cimodzi-modzi. Pamene Boma la Bambo Edward Heath, wa cipani ca Conservative, linafunsa Nyumba ya Malamulo mu 1971, aphungu 69 a Labour, powatsogolera Bambo Roy Jenkins, anakana lamulo la cipani cao nabvomereza. Britain inalowa pa 1 January 1973.

Mbali zonse ziwiri zinali ndi mau olemera. Bambo Tony Benn ndi anzace ananena kuti akulu a ku Brussels sasankhidwa ndi anthu, tsono anthu sangathe kuwacotsa akalakwa. Ndiponso malamulo a msikawo amanga manja a Boma likafuna kuthandiza fakitale imene iri pafupi kugwa. A mbali ya Jenkins anayankha kuti mutu umodzi susenza denga. Makampani akulu salabadira malire, ndipo dziko limodzi palokha silingathe kuwaweruza. Anakumbutsanso kuti maiko amene anathirana nkhondo ziwiri zoopsa tsopano anali kugulana malonda mwamtendere.

Nduna Yaikulu, Bambo Harold Wilson, poona kuti cipani cace cifuna kusweka, anapereka mlanduwo kwa anthu, nalola nduna zace kutsutsana poyera. Mabungwe ambiri a anchito anati dziko lituruke, koma pa 5 June 1975 anthu 67 mwa 100 ali onse anabvota kukhalabe. Bala silinapole. Mu 1981 Jenkins ndi anzace atatu anacoka nayamba cipani cao, ndipo mu 1983 Labour inalonjeza kuturutsa Britain m'msikawo, koma inagonja koopsa kwa Mai Margaret Thatcher.

Cimene cinatembenuza mitima ya ambiri cinacitikira ku migodi. Kuyambira March 1984 kufikira March 1985 anchito a malasha, powatsogolera Bambo Arthur Scargill, anacita sitalaka kukana kutsekedwa kwa migodi. Anapirira njala caka cathunthu, koma anabwerera ku nchito manja ali zii, ndipo migodi inatsekedwa umodzi-umodzi. Anchito anaona kuti amene anawathyola msana anali Boma lao lomwe la ku London. Cotero pamene mkulu wa ku Brussels, Bambo Jacques Delors, anadza ku msonkhano waukulu wa mabungwe ku Bournemouth mu 1988 nalonjeza kuti msikawo udzateteza anchito, anamuombera m'manja. Lamulo la ku Europe loti munthu asakakamizidwe kugwira maola oposa 48 pa sabata, ndi kuti azipatsidwa chuti colipidwa, linayamba kugwira nchito ku Britain mu 1998.

Komabe moto wakale unali kunyeka pansi pa phulusa. Kuyambira 2004 anchito ambiri a ku Poland ndi maiko ena a kum'mawa analowa m'Britain, ndipo ena anadandaula kuti mabwana apezerapo mpata wocepetsa malipiro. Mu 2015 anthu a ku Greece anabvota kukana malamulo owawa a angongole ao, koma patapita sabata imodzi Boma lao la dzanja lamanzere linakakamizidwa kubvomera. Caka comweco mgodi wakuya wotsiriza wa malasha ku Britain, wa Kellingley, unatsekedwa. Pofika cisankho ca 23 June 2016 bungwe lalikulu la TUC linati dziko likhalebe, koma mabungwe a anchito a njanji, RMT ndi ASLEF, anati lituruke. Mtsogoleri wa Labour, Bambo Jeremy Corbyn, amene anabvota kuturuka mu 1975, tsopano anapempha anthu kukhalabe, ngakhale ambiri anati mtima wace sunali pamenepo. Anthu 52 mwa 100 anasankha kuturuka. M'madera akale a malasha, monga Mansfield ndi Bolsover, anali asanu ndi awiri mwa khumi ali onse.

Zotsatira zace zinayamba kugwera cipani ca anchito comwe. Otsatira ace a m'mizinda ikulu-ikulu anafuna cisankho caciwiri, pamene a kumigodi anati mau ao alemekezedwe. Corbyn anayesa kukondweretsa onse, ndipo mu December 2019 Labour inapeza mipando yocepa koposa ciyambire 1935. Bambo Dennis Skinner, amene anali wanchito wa pansi pa mgodi nakhala phungu wa Bolsover zaka 49, anataya mpando wace ngakhale iye mwini anabvota kuturuka. Britain inaturuka pa 31 January 2020, wotsogolera ali Bambo Boris Johnson wa Conservative.

Mphamvu imene Benn anaifunira Nyumba ya Malamulo inabweradi, koma inagwera m'manja mwa amene anapambana cisankho, ndipo mu 2023 iwo anapanga lamulo locepetsa ufulu wa sitalaka. Amalonda anapeza mapepala ambiri pa madoko, ndipo ofesi ya Boma yowerengera cuma inayerekeza kuti m'kupita kwa zaka cuma ca dziko cidzacepa ndi magawo 4 pa 100 kusiyana ndi m'mene cikanakhalira. Alendo sanaleke kudza. M'malo mwa a ku Europe munalowa ambiri a ku India, Nigeria ndi Zimbabwe, kudzasamala odwala ndi okalamba.

Mu 2024 Labour inabwerera m'Boma ndi Bambo Keir Starmer, nitenganso Bolsover, itanena kuti sidzabwezera dziko m'msikawo. Mu 2025 inayamba kubweza makampani a sitima m'manja mwa Boma. Ofuna kuturuka anati ici ndi cipatso ca ufulu. Enawo anayankha kuti njanji za ku France nza Boma, cikhalirebe France m'cigwirizano. Ndipo ku Durham, kumene mgodi wotsiriza unatsekedwa kale-kale, anthu zikwi-zikwi amasonkhanabe caka ndi caka m'mwezi wa July, ndi mbendera za migodi yao ndi malipenga, kukumbukira makolo ao ndi kumva atsogoleri a anchito alikulankhula.