Nsato: Mlendo wa Makolo ndi Nthenda ya M'mabokosi

Munthu woyenda pamsewu wochoka m'tauni ya Zomba kulinga ku Domasi ndi ku Liwonde, akafika pa Chinamwali naona nyumba zitakwera m'mbali mwa phiri, zikupanikizana ndi matanthwe, sangaganize msanga kuti malo otere, asanadze malata ndi njerwa zowotcha, anali mudzi wa mbira, ndiponso wa nsato imene imadya mbirazo. Njoka imeneyi, imene ikakula imatha kufika mamita 5, ilibe ululu. Imapha pokulunga, nimeza gwape, ntchenzi kapena kalulu wathunthu, ndipo ikakhuta imagona masabata osafuna kanthu. Mbiri ya m'mene anthu a dziko lino akhalira nayo ndi yaitali, ndipo iyenera kukumbukiridwa tsopano pamene kutsidya kwa nyanja anthu oweta nsato m'nyumba ali ndi nkhawa ndi nthenda imene ikuwathera ziweto zawo.

Makolo athu anaipatsa nsato ulemu umene sanaupereke kwa chilombo china chilichonse. Ku Msinja, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama, kumene kunali kachisi wamkulu wa Chisumphi, mayi wa mvula wotchedwa Makewana sankakwatiwa ndi munthu wamba, pakuti mwamuna wake anali Thunga, njoka ya mzimu, imene pa miyambo inkaimiriridwa ndi nduna yotchedwa Kamundi. Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, Amang'anja ankakhulupirira kuti Mbona amadza usiku kwa mkazi wake Salima ali m'thupi la nsato, namuuza za mvula ndi za machimo a dziko.  M'chikhulupiriro chimenechi njokayo inkadza mwa kufuna kwake nichoka mwa kufuna kwake, pakuti akulu ankadziwa kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Sindikunena kuti nsato sinkaphedwa konse. Ikazolowera khola la mbuzi, mwini mbuzi ankanola nkhwangwa, ndipo asing'anga ankafuna mafuta ake ndi chikopa chake. Koma kupha kunalipo, kulemekeza kunalipo; kuweta kokha ndiko kunali kosadziwika.

Anthu a Zomba ali ndi njoka yawoyawo, imene palibe anaiona ndi maso koma onse anaona njira yake. Mu Disembala 1946 mvula yoposa mamilimita 700 inagwa m'maola 36, phiri linang'ambika, madzi a Mulunguzi ndi mitsinje ina anatsika ndi miyala ndi mitengo, nakokolola milatho ndi kupha anthu m'likulu la boma la atsamunda. Azungu anati kunali kugumuka kwa nthaka. Eni dziko anati Napolo wasamuka kuchoka kuphiri kunka kunyanja. Zomwezo zinanenedwa ku Phalombe mu Malichi 1991, ndipo Steve Chimombo, mphunzitsi wa pa Chancellor College, anatcha buku lake la ndakatulo la mu 1987 ndi dzina la Napoloyo. Anthu amene amaiona njoka yaikulu motere, ngati mwini phiri wosafunsidwa za ulendo wake, sakanalota zoiika m'bokosi lagalasi pabalaza.

Maso atsopano anadza ndi alendo. Amishoni, amene anakhazikika pa Domasi m'zaka za m'ma 1880, anabwera ndi buku limene m'masamba ake oyamba njoka ndi wonyenga wotembereredwa, ndipo ambiri mwa obatizidwa anaphunzira kuona mdani pamene agogo awo ankaona mthenga. Boma nalo linadza ndi maso ake. Harry Johnston atakhazikitsa likulu pa Zomba mu 1891, katswiri wake wa zachilengedwe Alexander Whyte anayamba munda wa mitengo m'munsi mwa phiri, natumiza ku London zikopa, mbalame ndi zokwawa zosungidwa m'mabotolo. Arthur Loveridge wa ku Harvard anayendera Nyasaland mu 1948 ndi 1949 akutola njoka ndi abuluzi, ndipo mu 1961 buku la Charles Sweeney lonena za njoka za dziko lino linasindikizidwa mu Zomba momwemo. Pamenepo nsato inasanduka chinthu choyezedwa ndi kulembedwa dzina lachilatini, ngakhale kuti inali isanakhale malonda.

Malondawo anakula kwina. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ku America ndi ku Ulaya kunabuka chizolowezi choweta njoka zazikulu m'nyumba, ndipo ndege zinayamba kunyamula tiana ta nsato yaing'ono ya ku Ghana, Togo ndi Benin, pamodzi ndi nsato za ku Asia ndi njoka za mtundu wa boa za ku South America, zimene zimapha pokulunga monga nsato koma zimabereka ana amoyo m'malo moikira mazira. Zolengedwa zimene Namalenga anazilekanitsa ndi nyanja zamchere zinapezeka m'chipinda chimodzi, zikugwiridwa ndi dzanja limodzi, zikulumidwa ndi tinthata timodzimodzi toyamwa magazi. Posachedwa oweta anayamba kuona nthenda yachilendo: njoka imasanza chakudya, imapotokola khosi niyang'ana kumwamba nthawi yaitali, ndipo ukaigoneka chagada imalephera kudzitembenuza. Madokotala a ziweto, poona timibulu tachilendo m'kati mwa maselo a njoka zakufazo, anaitcha Inclusion Body Disease, koma kwa zaka zoposa makumi atatu gwero lake linabisika.

Linaululika mu 2012, pamene njoka za ku Steinhart Aquarium mumzinda wa San Francisco zinadwala, ndipo Mark Stenglein ndi Joseph DeRisi a pa University of California anapeza kachilombo ka banja la arenavirus, banja limene kufikira nthawiyo linkadziwika makamaka mwa makoswe ndi mbewa. Banja limeneli si lachilendo kwathu kuno, pakuti m'menemo muli kachilombo ka Lassa ka ku Nigeria, ndi ka Lujo kamene mu 2008 kanachokera ku Lusaka nikapha anthu anayi mwa asanu amene anadwala. Koma owerenga asatekeseke, popeza kachilombo ka njokaka sikanapezekepo kakudwalitsa munthu. Chimene chimawasowetsa tulo oweta ndi ichi: mu 2017 akatswiri atabaya kachilomboka mwa boa ndi mwa nsato, nsato zinadwala koopsa m'miyezi iwiri yokha, pamene boa zinakhala zaka ziwiri zikudya ndi kufundula bwinobwino, chikhalirecho kachilombo kali thoo m'magazi mwawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu amagula boa yonyezimira, naiika pafupi ndi nsato zake, osadziwa kuti walowetsa maliro m'nyumba. Ndipo popeza mankhwala kulibe, katemeranso kulibe, chotsala ndi kupatula njoka yatsopano miyezi ingapo, kuyezetsa magazi, kuthana ndi tinthata, ndi kupha yodwalayo mwachifundo.

Kuno kwathu chizolowezi choweta njoka sichinazike mizu, ndipo lamulo silichilola mwachisawawa: mu 1982 Malawi analowa m'pangano la CITES, limene limayang'anira malonda a nsato zonse pakati pa mayiko, ndipo lamulo la nkhalango ndi nyama zakutchire la mu 1992, lokhwimitsidwa mu 2017, limaletsa kusunga kapena kugulitsa nyama yotetezedwa popanda chilolezo. Mdani wa nsato ya m'mapiri a Zomba lero ndi moto wolusa wa m'chilimwe, nkhwangwa ya wootcha makala, ndi nyumba zimene zikukwerabe phiri chaka ndi chaka. Komabe ku South Africa, kumene abale athu ambiri amapita kukagwira ntchito, boa ndi nsato zachilendo zimagulitsidwa m'masitolo a ziweto, ndipo mabasi a ku Johannesburg amafika ku Blantyre sabata iliyonse. Bokosi limodzi lodutsa pa Mwanza mobisa, mwini wake n'kutopa nalo n'kukalitsegulira kuthengo, likhoza kufikitsa kwa nsato zathu nthenda imene palibe dokotala wa ziweto angakaitsate m'mapanga a phiri.