Kuyeza chotupa cha m'bere pogwiritsa ntchito singano

Mayi wa ku Jenda, Embangweni kapena Edingeni akapeza chotupa m'bere lake, funso lalikulu kwa iye ndi achibale limakhala lakuti kodi ndi khansa. Zotupa zambiri za m'mawere si khansa, makamaka mwa atsikana ndi amayi achichepere, koma kugwira ndi manja kokha sikungatsimikize. N'chifukwa chake achipatala amatengako maselo a chotupacho kuti akayezedwe.

Njira yosavuta mwa zonse imatchedwa FNA. Dokotala amalowetsa kasingano kowonda m'chotupa, n'kukoka maselo ochepa ndi jakisoni, kenaka amawapaka pa kagalasi ndi kuwathira mankhwala opereka mtundu. Ntchitoyi imatha m'mphindi zochepa ndipo wodwala sagonekedwa. Madokotala Hayes Martin ndi Edward Ellis a ku New York adalemba za njirayi mu 1930.

Pa maikulosikopu, katswiri amayang'anitsitsa phata la selo lililonse. Maselo a chotupa chosaopsa amagwirana bwino m'magulu, ndipo mapata ake amakhala aang'ono, osalala ndi ofanana. Maselo a khansa amamwazikana. Mapata ake amakula mosiyanasiyana, amada kwambiri ndipo m'mphepete mwake mumakhala mokumbikakumbika. Ku yunivesite ya Wisconsin m'dziko la America, Dr William Wolberg ndi anzake adayeza mapata otere ndi kompyuta m'zaka za m'ma 1990. Pa zitsanzo 569 zomwe adasonkhanitsa, 357 zidali zosaopsa ndipo 212 zidali za khansa. Ophunzira ambiri amazigwiritsabe ntchito pophunzitsa kompyuta kusiyanitsa zotupa.

Zotsatira zimagawidwa pasanu: maselo osakwanira, chotupa chosaopsa, maselo achilendo, okayikitsa, ndi khansa. Gawo loyambalo ndilo limasokoneza anthu. Lipoti likati maselo sadakwane sizitanthauza kuti mayiyo ali bwino. Singano idangophonya, ndipo ayenera kuyezedwanso. Komanso FNA siingasonyeze ngati khansa yalowerera kale m'minofu yoyandikana nayo. Pamenepo pamafunika singano yokulirapo yomwe imadulako kachidutswa ka mnofu. Madokotala amafananitsa zinthu zitatu: zomwe apeza pogwira bere, chithunzi cha sikani, ndi zotsatira za singano. Zikasemphana, chotupacho amachiyezanso kapena kuchichotsa.

Kum'mwera kwa boma la Mzimba, odwala amayambira ku zipatala zazing'ono, kenaka amatumizidwa ku chipatala cha boma pa Mzimba kapena cha mishoni ku Embangweni, ndipo ofunika akatswiri amapita ku Mzuzu Central Hospital. Singano ndi kagalasi si zodula. Chosowa m'dziko muno ndi akatswiri owerenga tigalasito. Kwa zaka zambiri ntchitoyi inkadalira mzinda wa Blantyre, kufikira mu 2011 pomwe labotale ina idatsegulidwa ku Kamuzu Central Hospital mothandizana ndi University of North Carolina.

Mu 2021 bungwe la WHO lidakhazikitsa ndondomeko yakuti mayi yemwe wafika kuchipatala ndi chotupa cha m'bere adziwe zotsatira zake pasadathe masiku 60. Masiku amenewa amathera pa zinthu zomwe zili m'manja mwa akuluakulu a paboma: galimoto yonyamula zitsanzo, kaundula wolembedwa bwino, ndi nambala ya foni yoti wodwala wa ku Khosolo aitanidwirepo lipoti likabwera.