Katswiri wothandiza pa zamankhwala (ku famase)

Uyu ndi wogwira ntchito yosunga, kuwerengera ndi kupereka mankhwala monga alembera dokotala. Wophunzira wofuna ntchitoyi ayenera kukhoza bwino mayeso a MSCE, makamaka masamu, Chingerezi ndi sayansi. Kenako amachita dipuloma ya zaka zitatu ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. Gawo lina la maphunzirowo amachitira m'zipatala, pamashelefu enieni a mankhwala. Satifiketi ya zaka ziwiri ilipo, koma njaotsikirapo paudindo, amene ambiri amatumizidwa kuzipatala zazing'ono zakumidzi. Pepala la kukoleji palokha silikwanira: asanayambe ntchito ayenera kulembetsa ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019.