Mphunzitsi, ophunzira ake ndi ngongole ya madola 27

Anzanga a m'kalabu, ambiri a inu mwalandirapo timauthenga ta pa WhatsApp toitanira achinyamata ku mipikisano ya bizinesi zothandiza anthu: bwerani ndi ganizo lanu, mulifotokoze kwa mphindi zisanu, wopambana apatsidwa mpamba. Mayunivesite ambiri masiku ano ali ndi timaofesi toyang'anira zoterezi. Ndiye kwa inu amene mukukonzekera kupita ku sukulu za ukachenjede, ndi inu muli kale komweko, funso ndi ili: kodi yunivesite imam'patsa chiyani kwenikweni wophunzira kapena mphunzitsi wofuna kuyambitsa bizinesi yothetsa vuto la anthu, osati yongolemeretsa mwini wake? Tiyeni tibwerere zaka pafupifupi 50 m'mbuyo, ku mudzi wa Jobra m'dziko la Bangladesh, pakuti nkhani yotchuka kwambiri ya mtunduwu inayambira kumeneko.

Mu 1972 Muhammad Yunus anabwerera kwawo kuchokera ku America, komwe anatenga digiri ya udokotala wa zachuma pa yunivesite ya Vanderbilt n'kuphunzitsanso ku Tennessee. Dziko lake linali litangolandira ufulu pambuyo pa nkhondo ya 1971. Anakhala mkulu wa nthambi ya zachuma pa yunivesite ya Chittagong, yomwe inamangidwa m'mapiri kunja kwa mzinda, moyandikana ndi Jobra. Mu 1974 kunagwa njala yoopsa. Anthu ankafera m'misewu, iye ali m'kalasi kujambula pa bolodi malamulo okongola a zachuma. Anaona kuti zimene akuphunzitsazo sizikukhudza munthu wanjala amene ali kuseri kwa mpanda, choncho anayamba kutenga ophunzira ake kupita nawo m'mudzimo.

Apa mvetserani bwino, chifukwa anthu ambiri akamafotokoza nkhaniyi amalumphira ku ngongole. Choyamba chimene Yunus anayesa chinali ulimi. Minda yozungulira yunivesite inkangokhala m'chilimwe, pamene chitsime chakuya cha mthirira chinalipo koma chosagwira ntchito, alimi atakangana pa za ndalama zoyendetsera injini. Iye anakonza mgwirizano wogawa zokolola patatu: gawo limodzi la eni minda, lina la olima, lachitatu lake iyeyo, yemwe ankagula mafuta, mbewu ndi feteleza. Mpunga unachita bwino, alimi anasangalala, koma ena sanapereke gawo lake lonse moti analuza ndalama zokwana 13,000 taka. Chinanso, anazindikira kuti opindula anali okhawo okhala ndi minda. Amayi opanda malo, omwe ankapuntha mpungawo ndi mapazi tsiku lonse, anatsala momwe analili. Munthu wamba akanaluza chonchi bwenzi atasiyira pomwepo. Mphunzitsi wa pa yunivesite ankalandirabe malipiro mwezi ukatha, ndiye anatha kuyesanso kachiwiri.

Mu 1976 akuyenda m'mudzimo ndi mphunzitsi mnzake, H. I. Latifee, anakumana ndi mayi wina dzina lake Sufiya Begum, woluka timipando ta nsungwi. Mayiyu ankafuna 5 taka yokha yogulira nsungwi za tsiku limodzi. Popeza analibe, ankakongola kwa wamalonda yemwe ankamulamula kuti kampandoko agulitse kwa iye yemweyo, pa mtengo womwe wamalondayo wanena. Dzuwa likamalowa, phindu la mayiyo linali theka la taka imodzi. Inu amene munaonapo mayi wogulitsa mandasi akukongola kwa akatapila m'mawa n'kukabweza ndi chiwongoladzanja madzulo, nkhaniyi si yachilendo eti?

Yunus anatuma wophunzira wake, Maimuna Begum, kuti alembe maina a onse a m'mudzimo omwe anali m'msampha woterewu. Patatha sabata anabwera ndi maina 42. Ndalama zonse zomwe anthuwa ankasowa zinali 856 taka, zosakwana n'komwe madola 27 a ku America. Anazitulutsa m'thumba mwake, n'kuwauza kuti adzabweze akadzatha, popanda chiwongoladzanja. Anabweza.

Koma thumba la mphunzitsi si banki. Anapita ku Janata Bank, yomwe inali ndi nthambi pa yunivesite pomwepo, kukapempha kuti azikongoza anthu osaukawa. Anam'kanira. Akuti alibe chikole, sadziwa kulemba mafomu, ndiponso tindalama tomwe akufunato n'tochepa kuposa mtengo wa mapepala olembera ngongoleyo. Atalimbana nawo kwa miyezi ingapo, anadzipereka kuti iyeyo akhale wowaimirira: akalephera kubweza, banki igwire iye. Mu December 1976 banki inavomera ngongole ya 10,000 taka. Fomu iliyonse ya munthu wa ku Jobra inkafunika siginecha ya Yunus. Taganizirani, kodi mwana wa sukulu wongobwera yekha, kapena Sufiya mwiniwake, akanaloledwa ngakhale kukhala pa mpando mu ofesi ya bwana wa banki? Chomwe chinatsegula chitsekocho ndi udindo wa pulofesa. Dzina la yunivesite linagwira ntchito ya chikole.

Ntchito yeniyeni ya tsiku ndi tsiku inagwiridwa ndi ophunzira, ndipo mbali imeneyi ine ndimaikonda kuposa zonse. Chikhalidwe cha kumeneko sichinkalola mwamuna wachilendo kulowa m'nyumba kukayankhula ndi akazi a eni. Pulofesa wathu uja ankaima panja, nthawi zina mvula ikugwa, wophunzira wamkazi n'kumalowa ndi kutuluka kunyamula mafunso ndi mayankho. Ophunzirawa ndi amene ankayenda khomo ndi khomo, kulemba m'mabuku, kutolera tindalama. Malamulo omwe pambuyo pake anatchuka dziko lonse anapezeka mwa kuyesa ndi kulakwitsa komweko. Poyamba anthu ankabweza tsiku lililonse, zinavuta kuwerengera, anasintha kukhala sabata iliyonse. Anapezanso kuti okongola akakhala m'timagulu ta anthu asanuasanu amalimbikitsana ndipo sathawa ngongole. Zonsezi zinkachitika pansi pa pulogalamu ya kafukufuku wa chuma cha kumudzi ya pa yunivesiteyo, ndiye ngakhale chinthu chikalephereka, chinali phunziro ndithu, osati manyazi.

Kenaka banki ya boma ya zaulimi inalola kuti atsegule kanthambi koyeserera ku Jobra, ndipo dzina loti Grameen, kutanthauza za kumudzi, linayambira pamenepo. Akuluakulu a mabanki ena sanakhutire. Ankati zikuyenda chifukwa ndi pakhomo pa yunivesite, pomwe pulofesa amadziwika ndipo ali ndi ana asukulu omugwirira ntchito ulere. Akayese kutali, ndipo asiye uphunzitsi akhale wa banki weniweni. Kunena zoona, mfundo yawoyi inali ndi nzeru. Mu 1979, mothandizidwa ndi banki yaikulu ya dzikolo, ntchitoyi inasamukira ku boma la Tangail, ndipo yunivesite ya Chittagong inam'patsa Yunus tchuthi cha zaka ziwiri. Mwa zonse zimene yunivesiteyi inachita, ine ndimaona kuti chachikulu n'chimenechi: inamulola kupita, malo ake a ntchito ali chisungire. Sanabwererenso m'kalasi. Mu 1983 boma linakhazikitsa lamulo lopanga Grameen kukhala banki yoima payokha, ndipo mu 2006 Yunus ndi bankiyo analandira limodzi mphoto ya mtendere ya Nobel. Pa nthawiyo okongola anali mamiliyoni, ndipo oposa 9 mwa 10 alionse anali amayi.

Onani kuti pa ulendo wonsewu yunivesite sinatulutse cheke chachikulu. Madola 27 anali a mphunzitsi, 10,000 taka inali ya banki. Chomwe inapereka ndi nthawi, achinyamata a mphamvu zawo, dzina lolemekezeka, ndi malo oti munthu alakwitse osagona ndi njala.

Musaganize kuti ndikukugulitsani mankhwala ochiza matenda onse ayi. Akatswiri atafufuza mosamala ngongole zing'onozing'onozi m'maiko osiyanasiyana, anapeza kuti zimathandiza anthu ena kukuza timabizinesi tawo, koma mabanja ambiri sizinawatulutse mu umphawi monga ankalonjezera okonda njirayi. Ku Andhra Pradesh, m'dziko la India, mu 2010 makampani okongoza mofuna phindu anapanikiza anthu mpaka boma linalowererapo. Kuno kwathu njira ya Grameen inayesedwanso kudzera mu Malawi Mudzi Fund, yomwe inayambira ku Chiradzulu ndi ku Mangochi, ndipo m'zaka za m'ma 1990 inalowetsedwa mu Malawi Rural Finance Company. Lero m'midzi yathu yambiri chomwe chinazika mizu ndi banki m'khonde, momwe anthu amasonkha ndalama zawo zomwe n'kumakongozana okhaokha. Ku Jobra kuja ophunzira anatha zaka akuyenda m'mudzi umodzi asanalembe lamulo lililonse, pamene otengera njirayi kawirikawiri ankangonyamula malamulowo ali okonzakonza.

Pambuyo pa Nobel, Yunus analimbikira kulalikira za bizinesi imene woikamo ndalama amangotenga zomwe anaikazo basi, phindu lonse n'kubwerera mu ntchitoyo. Chitsanzo chake chinali fakitale ya yogati wopatsa thanzi ana, yomwe Grameen inakhazikitsa mu 2006 ku Bogra pamodzi ndi kampani ya ku France ya Danone. Mayunivesite a m'maiko ambiri anatsegula malo ophunzitsira ndi kufufuza zoterezi m'dzina lake. Glasgow Caledonian University ya ku Scotland inafika pomusankha kukhala chansala mu 2012, itathandiza kale kutsegula sukulu ya anamwino ku Dhaka yophunzitsa atsikana ochokera m'mabanja okongola ku Grameen. Sukulu ya anamwinoyo inayenda. Koma bungwe lokongoza ndalama mwa njira ya Grameen lomwe linatsegulidwa mu mzinda wa Glasgow momwemo linagwa mu 2018, dzina lalikulu lili pomwepo.

Ndiye inu mukafika pa yunivesite n'kuona kaofesi kolembedwa za bizinesi zothandiza anthu, lowani ndithu, mpikisanowo chitani nawo, mpamba ndi mpamba. Koma mufunsenso mafunso ena awa. Kodi miyezi yomwe ndithere m'mudzi kapena mu msika kumvetsa vutoli idzawerengedwa ngati gawo la maphunziro anga, kapena ndizichita kuba nthawi ya mayeso? Alipo mphunzitsi amene angavomere kupita nane ku banki kapena ku khonsolo n'kuikapo dzina lake? Labu ndi makina a pasukulupo ndingagwiritse ntchito? Nanga chinthucho chikakula, mwini wake ndani, ine, sukulu, kapena anthu omwe ndikuwathandizawo? Funso lomalizali musalichite manyazi. Grameen itakhala banki mu 1983, boma linatenga magawo 60 pa 100 alionse, okongola n'kutsala ndi 40, ndipo Yunus sanakondwe nazo. Panatenga zaka kuti amayi okongolawo akhale eni a gawo lalikulu.

Nanga achinyamata aja ankayenda khomo ndi khomo ku Jobra anathera kuti? Dipal Chandra Barua, mwana wa m'mudzi momwemo yemwe anali wophunzira wa Yunus, anadzatsogolera Grameen Shakti, bungwe lomwe linayamba mu 1996 kugulitsa magetsi a dzuwa pa ngongole m'midzi yopanda magetsi. Nurjahan Begum analowa ntchitoyi atangomaliza digiri yake ya chiyankhulo cha Bengali pa yunivesite yomweyo ya Chittagong, pa nthawi imene mtsikana wophunzira kuyenda yekha m'midzi chinali chinthu chochititsa manyazi abale. Mu 2011, banki yaikulu ya dzikolo itachotsa Yunus pa udindo ponena kuti wapitirira zaka zopumira pa ntchito, amene anagwirizira mpando wa mkulu wa Grameen Bank anali Nurjahan yemweyo.