MBIRI YA KAVOLOVOLO KA PA CANDAMALE

Mwa mfuti zonse zimene anthu amaombera pa candamale, imodzi yocepetsetsa ndiyo volovolo ya zipolopolo zochedwa .22. Volovolo ndi mfuti ya m'dzanja limodzi, yokhala ndi gudumu la mabowo momwe mukhala zipolopolo. Gudumulo limazungulira, ndipo bowo liri lonse lifika pa mpope wa mfuti pa nthawi yace. Nambala ija .22 itanthauza kukula kwa bowo la mpope, ndiko magawo 22 a inchi yogawidwa pa 100, kapena mamilimita 5 ndi theka ndi pang'ono. Mtobvu wace sufika magalamu atatu kulemera. Komabe kanthu kameneka kaphunzitsa anthu ambirimbiri kuombera, ndipo mbiri yace ionetsa cifukwa cace.

Ciyambi cace cinali ku Paris, m'dziko la France. Masiku amenewo mfuti zambiri zinali zonga gogodela: munthu ankathira onga ku kamwa kwa mfuti, natsendera cipolopolo, ndipo pomaliza ankaika kacisoti ka mkuwa kokhala ndi mankhwala oyaka pomenyedwa. M'caka ca 1845 mmisiri wina, dzina lace Louis-Nicolas Flobert, anatenga kacisoti kaja, nakapatsa mkombero kunsi kwace, natseka kamwa kace ndi kampira ka mtobvu. Onga sanaikemo konse. Mphamvu ya mankhwala aja inakwanira kuponya mtobvu kucokera ku khoma lina la cipinda kufikira ku linzace. Anthu olemera anakonda mfuti zimenezi, namaombera pa candamale m'nyumba zao madzulo. Cotero cipolopolo ici cinabadwira m'masewera, si m'nkhondo ai.

Nzeru ya Flobert inaoloka nyanja kunka ku America. Kumeneko Samuel Colt anali atalandira kalata wa boma m'caka ca 1836 womlola iye yekha kupanga volovolo ya mtundu wace, koma mabowo a gudumu lace anali otseka kumbuyo, ndipo liri lonse linkathiridwa onga palokha. Munthu wina amene anagwirapo nchito kwa Colt, Rollin White, analandira kalata wace m'caka ca 1855 wa gudumu loboola mbali zonse ziwiri. Amisiri awiri a mu mzinda wa Springfield, Horace Smith ndi Daniel Wesson, anapangana naye kuti azimlipira masenti 25 pa mfuti iri yonse. Tsono m'caka ca 1857 anatulutsa volovolo yao yoyamba, ya mabowo asanu ndi awiri, pamodzi ndi cipolopolo cimene lero cichedwa .22 Short.

Kapangidwe ka cipolopoloco ndi aka. Pali kacitini ka mkuwa wopyapyala, ndipo mkombero wa pansi pace uli ndi mphako momwe athiramo mankhwala oyatsa moto. Pamwamba pa mankhwalawo pali onga pang'ono, ndi mtobvu kutsogolo. Kanyundo ka mfuti kakamenya mkombero, mkuwa uphwanyika, mankhwala ayaka, onga ugwira moto. Popeza mkombero uyenera kuphwanyika, mkuwawo sungakhale wocindikala. Ndipo popeza uli wopyapyala, sungapirire onga wambiri. Ici ndico cifukwa cace zipolopolo zazikulu za mtundu umenewu zinatha, anthu natsata zokhala ndi moto pakati, koma zazing'ono zinakhalabe. Kupanga kwace nkosabvuta, ndi mtengo wace ngwotsika.

Poyamba kavolovolo aka sikanali ka pa candamale. Anthu ankakabisa m'thumba, ndipo pa nkhondo ya pa ciweniweni ya ku America, ya 1861 kufikira 1865, asilikari ambiri anadzigulira okha. Kusintha kunadza pamene cipolopolo cinakonzedwa bwino. M'caka ca 1887 kampani ya Stevens inabukitsa .22 Long Rifle, cokhala ndi kacitini kotalikirapo ndi mtobvu wolemerapo, ndipo cinapezeka kuti cimayenda molunjika koposa zinzace. Koma akatswiri ena anacinyozabe. Pa masewera a Olympic a ku Athens m'caka ca 1896, abale awiri a ku America, John ndi Sumner Paine, anakanizidwa kulowa mpikisano wina cifukwa mfuti zao za .22 sizinagwirizane ndi malamulo ace. Pamenepo anatenga mavolovolo akulu pa mpikisano wa mfuti za asilikari. John anapambana, Sumner nakhala waciwiri. Pambuyo pace John anadzipatula pa mpikisano wotsatira, ndipo mbale wace anapambana umenewo.

Kum'mwera kwa Africa kunathandizanso kukweza cipolopolo cacing'onoci. Pa nkhondo ya Angelezi ndi Mabunu, ya 1899 kufikira 1902, Angelezi anaona kuti alimi a Cibunu anali kuwaposa pa kulasa. Lord Roberts, amene anatsogolera asilikari ao kumeneko, anacirikiza bungwe lokhazikidwa m'caka ca 1901 lophunzitsa anthu wamba kuombera ndi mfuti zazing'ono. Bwalo la mfuti zazikulu lifuna dziko lalikulu, monga la ku Bisley limene linatsegulidwa m'caka ca 1890; koma la .22 likwanira m'nyumba ya mayadi 25. Mabungwe amenewa anayamba ndi mfuti zazitali, koma anazoloweretsa anthu kuti kanthu kakang'ono kangaphunzitse zazikulu.

Bvuto lina linatsala. Onga wakuda unkasiya mwaye wambiri mu mpope, ndipo mankhwala a mu mkombero ankaitana dzimbiri, kotero kuti mfuti yosatsukidwa inkaonongeka msanga. Onga wopanda utsi unacotsa mwaye, ndipo ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kampani ya Remington inatulutsa mankhwala osacititsa dzimbiri. Njira inatseguka tsopano. M'caka ca 1931 Smith ndi Wesson inapanga volovolo yochedwa K-22, ya mabowo asanu ndi limodzi, ndi mpope wa mainchi asanu ndi limodzi, ndi zoyang'anira zotheka kusendeza. Thupi lace linali lofanana ndi la volovolo ya .38 imene apolisi ambiri ankanyamula. Cotero munthu ankaphunzira ndi mfuti yotsika mtengo, dzanja lace likuzolowera mfuti ya nchito. M'caka ca 1957 anaicha Model 17.

Nanga cimene munthu aphunzira pa bwalo nciani? Pa mpikisano wa mamita 25 woombera aimirira, nagwira mfuti ndi dzanja limodzi lotambasula. Akoka kanyundo ndi cala cacikulu, naika kacitsulo ka ku nsonga ya mpope pakati peni peni pa mpata wa coyang'anira ca kumbuyo. Apuma, nagwira mpweya, nafinya cokokera pang'ono pang'ono kufikira mfuti ilira. Bwalo la pakati pa candamale, lopatsa mapointi khumi, liri masentimita asanu m'mimba mwace. Ngati zoyang'anira ziwirizo zitalikirana masentimita 20, kupotoka kwa milimita imodzi yokha kusanduka masentimita 12 ndi theka pa candamale. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mau amenewa akwanira pano.

Mfuti yaikulu ilira kwambiri ndi kukankha dzanja. Wophunzira ayamba kuiopa, natsinzina ndi kugwedeza dzanja mfuti isanalire, ndipo cipolopolo cigwa pansi pa candamale iye osadziwa cifukwa. Kavolovolo ka .22 kakankha pang'ono cabe. Pamenepo colakwa ca munthu cioneka poyera, pakuti palibe pokankhira mlandu. Pepala la candamale liwerengedwa ngati kalata: mabowo oundana asonyeza dzanja lokhazikika, mabowo omwazika asonyeza cangu kapena mantha.

Koma kucepa kwace kwanyenga ambiri. Mtobvu wa .22 Long Rifle ungauluke kupitirira mailo imodzi, ndipo umapha. Senator Robert Kennedy anaphedwa ndi volovolo ya .22 ku Los Angeles m'caka ca 1968, ndipo President Ronald Reagan analasidwa ndi ina ku Washington m'caka ca 1981, napulumuka. Cifukwa cace malamulo a pa bwalo salekanitsa mfuti yaikulu ndi yaing'ono. Kuseri kwa candamale kukhala mtumbira wa dothi wogwira zipolopolo. Kamwa ya mfuti iloza ku mtumbirawo nthawi zonse. Woyang'anira bwalo akalamula kuleka, mfuti iri yonse iikidwa pa thebulo, gudumu lace lotsegula ndi lopanda kanthu, ndipo palibe woikhudza pamene anzace apita kukaona mapepala. Pano volovolo iri ndi ubwino wina: ali yense angaone ndi maso ace kuti mabowo ali opanda zipolopolo.

Masiku ano akatswiri ambiri a mpikisano anasiya volovolo natenga mfuti za m'dzanja zodzilowetsa zokha zipolopolo, koma cipolopolo cikali comweco ca 1887. Ku Britain nkhani inatha mwa njira ina. M'caka ca 1996 munthu wina anapha ana 16 ndi mphunzitsi wao pa sukulu ya ku Dunblane, ndi mfuti za m'dzanja zimene anali nazo mwa cilolezo. Mfutizo zinali zazikulu, koma m'caka ca 1997 Nyumba ya Malamulo inaletsa zazikulu poyamba, ndi za .22 zomwe pambuyo pace, ku England, Scotland ndi Wales. Oombera a kumeneko ofuna kupikisana ndi maiko ena anayamba kukaphunzira kunja.

Cotero masewera amene anayambira m'cipinda ca ku Paris amakhala pokhapo pamene anthu a dziko akhulupirira oomberawo. Woyamba kuphunzira auzidwa zimenezi tsiku loyamba, asanapatsidwe cipolopolo nkamodzi komwe: ayambe wadziwa kutsegula gudumu ndi kuika mfuti pansi, ndipo za kulasa pakati zidza pambuyo.